Ndinkadikira Kalata ya Boma ku Oshawa

Abale ndi alongo, ndisanapite patali ndithokoze Mulungu kuti ndaima pano ndi miyendo yanga iwiri, osadzandira. Amene munandidziwa zaka zisanu zapitazo mukudziwa kuti chimenechi pachokha ndi chozizwitsa. Ndine Yotamu Phiri, kwathu ndi ku Dedza, ndimakhala konkuno ku Oshawa. Abusa andipempha kuti ndilankhule chifukwa ena mwa inu amene mwangofika kumene, a ku Malawi ndi a ku Zambia omwe, muli ndi mafomu a loni ya sukulu m'zikwama zanu ndipo mukungodikira Lolemba kuti mukasaine. Sindinabwere kudzakuletsani ayi. Ndingokuuzani mmene ine ndinasainira, ndi mmene ndinatsala pang'ono kutaya mkazi wanga.

Kwathu ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Kumene anatisula uphunzitsi, boma linatilipirira zonse, chakudya, pogona, mpaka sopo. Tinasaina pepala lakuti tikamaliza tidzaligwirira ntchito, ndipo malipiro a ngongole yathu anali omwewo. Titamaliza aliyense anapita kwawo kukakhala. Patapita milungu ingapo kalata inafika yonena kuti mukayambe ntchito kusukulu yakutiyakuti. Sindinafunsirepo ntchito m'moyo mwanga, ntchito ndiyo inandilondola mpaka pakhomo. M'mutu mwanga munakhazikika kuti dziko lonse lapansi limayenda choncho.

Ndinakwatira Elube, aNabanda, ndipo ndinapita kukakhala kwawo monga mkamwini aliyense. Banja lili ndi miyezi isanu yokha, m'busa wina wa kuno amene anaphunzitsapo kwathu anandipezera njira yobwerera ku Canada. Malume ake a Elube, a Jekapu, amene analinso ankhoswe ake, anandikhazika pansi nandifunsa kuti mwana wawo adikire zaka zingati. Ndinayankha mosaphethira n'komwe kuti ziwiri, kenako ndidzamutumizira tikiti.

Chaka choyamba ndinatsuka mbale mulesitilanti mpaka mapepala anga okhalira kuno anatuluka. Kenako ndinapita kukoleji limodzi ndi mnzanga Gideoni wa ku Chipata, amene tinkatsuka naye mbalezo. Mayi wa pakauntala anatipatsa kabuku ka makosi. Munali kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, unamwino, ndi kosi ina ya zaka ziwiri ya maphunziro osiyanasiyana, imene mumaitcha jenero: Chingerezi pang'ono, masamu pang'ono, mbiri pang'ono, za chikhalidwe cha anthu pang'ono. Gideoni anafunsa funso limodzi lokha, lakuti amene amaliza kosi iliyonse amalandira zingati pa Lachisanu, ndipo anasankha kuwotcherera. Ine ndinamuseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti sindinawoloke nyanja kudzakhala mmisiri wa zidebe, ine ndi munthu wa tayi. Anangoti, "Iwe mwana, tayi siidyewa," n'kupitiriza kulemba fomu yake.

Za loni mayi uja anafotokoza bwinobwino, mlandu si wake. Ananena kuti ndi ngongole, ananena za chiwongoladzanja, ananenanso kuti kubweza kumayamba patapita miyezi isanu ndi umodzi ukamaliza. Mawu onse ndinawamva. Koma mumtima ndinkati, ee, ndi mmene amalembera, kwathunso pepala linali ndi mawu oopsa, koma mapeto ake amangokutumiza kumudzi kukaphunzitsa. Ndinasaina ndikumwetulira. Safunsa anadya phula, abale, ndipo ine ndinadya lambiri ndithu.

Ndalama zitalowa ndinadziona ngati bwana. Fizi ndinalipira, koma zina ndinatumiza kwathu kuti agule malata. Nthawi imeneyo kwacha inali itangoyamba kumene, anthu akuwerengabe mashelini, ndiye madola anga atasinthidwa anamveka mudzi wonse. Zotsala ndinagulira suti ndi chikwama chakuda cha m'manja, chija amanyamula akuluakulu a m'maofesi.

Ndisaname, sukuluyo inali yokoma. Ndinawerenga mabuku amene sindinkadziwa kuti aliko, ndinaphunzira kulemba Chingerezi chosachititsa manyazi, masamu amene ankandizunguza kwathu anayamba kundimvera. Tsiku lomaliza anativeka mikanjo. Ndinajambulitsa, n'kutsukitsa zithunzi zisanu ndi chimodzi, zonse n'kutumiza ku Dedza. Anandilembera kuti kumudzi ayamba kunditcha a Pulofesa, ndipo sindinawatsutse.

Tsopano mvetserani chimene ndinachita, ndipo sekani momasuka chifukwa inenso masiku ano ndimaseka. Ndinabwerera kuchipinda changa, kwa gogo wina wa ku Poland amene ndinkachita lendi m'nyumba mwake, n'kukhala pansi kudikira kalata yonditumiza kuntchito. M'mawa uliwonse ndinkasamba, kuvala tayi, n'kukaima pazenera kuyang'anira wa positi. Wa positiyo anafika pondizolowera, akamadutsa ankangopukusa mutu ali kutali. Miyezi itatu yathunthu. Gideoni anali atayamba kale ntchito, anzanga a m'kalasi ena anapitiriza kuyunivesite, ine ndili pazenera. Nditatopa ndinapita kukoleji kukafunsa kuti kodi anandiposita kuti, mwina kalata inasochera. Bambo amene ndinawapeza mu ofesimo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako mwaulemu wonse ananditengera pabolodi pamene anamatapo tizidutswa ta nyuzipepala, n'kundiuza kuti kuno ntchito umadzifunira wekha.

Ndinayamba kuyenda. Ku Toronto pa sitima, ku Hamilton, mpaka ku Brampton. Kulikonse funso linali lomwelo: kodi umatha kuchita chiyani? Ndikatulutsa dipuloma ankaiyamikira, n'kubwereza funso lija. Ndinkayankha kuti chilichonse pang'onopang'ono, ndipo ankandiuza kuti adzandiimbira. Pomaliza ndinapeza ukalaliki pasitolo ina yogulitsa misomali ndi penti, madola makumi asanu ndi anayi pa mlungu. Gideoni, mmisiri wa zidebe uja, ankalandira mazana awiri, ndipo anali atagula kagalimoto kobiriwira kamene ankandiimbira nako hutala akandipeza pasiteji ya basi.

Kenako kalata inafikadi, ya envulopu yaulemu, dzina langa lotayipa bwino. Ndinaitsegula ndi chimwemwe, ndikuti boma lakumbukira mwana wake. Inali ya kubanki. Madola zikwi ziwiri ndi mazana asanu, ndipo kubweza kuyambe mwezi wotsatira.

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka msanga. Pafupi ndi njanji panali bala ina, ndinayamba kudutsirako poweruka kuti ndiziziritse mutu ndi botolo limodzi. Limodzi linabala atatu. Ndinayamba kuchedwa kuntchito, kenako kununkha, kenako mwini sitolo anandiuza kuti ndisabwerenso. Makalata a kubanki anasanduka a anthu otolera ngongole, ndipo anayamba kuimba foni kwa gogo uja. Wailesi ndinagulitsa, wotchi ndinagulitsa. Makalata ndinasiya kutsegula, a kubanki ndi a kwathu omwe, chifukwa a kwathu onse ankathera pa funso limodzi lakuti tikiti ibwera liti. Ndinkangowaponya m'chikwama chakuda chija. M'mawa ndinkavalabe tayi, kunyamula chikwama, kutsanzika gogo ngati wopita ku ofesi, n'kukakhala mulaibulale kufikira bala itatsegulidwa. Lamulungu ndinkabwera m'tchalitchi muno, mumzere wachitatu apo, ndipo wina akafunsa za ntchito ndinkati ikuyenda, koma ndi yotopetsa. Ndinali wamanyazi, wamantha, ndipo ndinkadzida.

Ambiri mukuwadziwa mayi Nasibeko, awo akhala pafupi ndi chitseko awo, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Asanabwere kuno ankagulitsa nyemba ndi mtedza mumsika wa ku Ntcheu, ndipo munthu amene wagulitsapo mumsika sungamunamize za ndalama. Lamulungu lina kumayambiriro kwa Okutobala anandiitana kunyumba kwawo kukamwa tiyi tikaweruka. Ndinapita chifukwa ndinali ndi njala. Ndinawapeza atakhala patebulo la kukhitchini akusankha nyemba m'lichero limene anabwera nalo kuchokera kwawo. Pokhala pansi ndinaika chikwama pampando, chinatsetsereka, loko wake amene anali atatopa kale anagonja, ndipo makalata onse anamwazika pansi. Oyera a kubanki, abuluu a ndege a kwathu, onse osatsegula.

 Ndinagwada kuti nditole msanga, koma mayi Nasibeko anaponda imodzi ndi phazi. Anawerama n'kuitola, anayang'ana sitampu, anayang'ana kumbuyo, n'kundiyang'ana ine.

"APhiri, ofesi yanu ndi yachilendo," anatero. "Makalata amangolowa, osatuluka."

Ndinayesa kuseka koma sizinatheke. Ndinayamba kufotokoza kuti ntchito yachuluka, iwo anangokweza dzanja. Anandiuza kuti akhala akundimva fungo kwa miyezi inayi, kuti Gideoni anandiona kawiri mulaibulale ndikugona pa nyuzipepala, ndipo kuti iwo anangodikira kuti ndinene ndekha koma aona kuti ndifa ndisananene. Anatenga mpeni wosendera mbatata n'kundipatsa, nati titsegule imodziimodzi, tiyambire ya kwathu imene inali m'manja mwawo.

Inali ya a Jekapu, malume a mkazi wanga, ndipo inalembedwa mu Julaye. Ndinaiwerenga mokweza chifukwa anandilamula kutero. Itatha moni inati: "Akamwini, munati zaka ziwiri, pano tikuwerenga chachinayi. Makalata atatu a mwana wathu simunayankhe. Ife sitikukana kuti ndinu ophunzira, zithunzi tinaziona. Koma mwanayu akukula ali yekha. Mvula yoyamba ikagwa tisanamve mawu anu, tidzaitana ankhoswe anu kuti timumasule, akaone kwina."

Abale, pamenepo ndi pamene ndinalira. Osati misozi yaulemu ija yopukuta ndi kampango, koma kulira kwenikweni, mamina ndi zonse, tayi ili pakhosi. Kalatayo inali itagona m'chikwama changa miyezi iwiri ndi theka, ndikuyenda nayo kubala tsiku ndi tsiku. Ndipo mukudziwa nonse kuti kwathu Okutobala akafika, mitambo imakhala yayamba kale kusonkhana.

Mayi Nasibeko anandisiya ndilire mpaka tiyi anazizira. Kenako anakankhira makapu pambali, n'kukhuthula nyemba patebulo. Anati nyemba iliyonse ikhale madola khumi. Anandifunsa ngongole yonse, ndinanena, ndipo anawerenga nyemba mazana awiri ndi makumi asanu, mwachangu ngati mmene amachitira amayi a mumsika, zisanuzisanu. Unali mulu ndithu, koma unakwana m'manja awiri. Kwa chaka chonse ngongoleyo inkandionekera ngati phiri la Dedza, ndipo aka kanali koyamba kuiona ili ndi malire.

Anandifunsa zimene ndinkalandira kusitolo ija pa mlungu, n'kuika nyemba zisanu ndi zinayi. Anachotsapo zitatu za lendi, ziwiri za chakudya ndi basi. Anatsegula kalata ina ya kubanki, anawerengera ndi zala, n'kupeza kuti ankafuna nyemba imodzi yokha pa mlungu. Anaichotsa. Panatsala zitatu.

"Izi zinkapita kuti?"

Ndinayamba kukonza tayi.

"Ndikufunsa inu, a Pulofesa. Banki imodzi, izi zitatu ndani?"

Ndinati mowa. Anagwedeza mutu, nati ndiye amene ankandidya kwambiri si banki, ndipo ndisiye kuinamizira. Kenako pambali anaika nyemba makumi awiri, nati awa ndi malipiro a Gideoni, amene anakongolanso chimodzimodzi ngati ine, zaka ziwiri zomwezo, koleji yomweyo. Anati kwawo kumsika munthu asanapikule thumba la mtedza amayamba wafunsa kuti mbale ikugulidwa bwanji, ndipo ine ndinapikula thumba lonse chifukwa chakuti linali lokongola. Koma anawonjezera kuti mtedzawo sunawole, ulipo, tingofunika kuupezera msika wake. Ndinafuna kukwiya, koma nyemba zinali patebulo, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Anatenga botolo lopanda kanthu la jamu, anathiramo mulu uja, anawonjezera chikhatho china cha chiwongoladzanja, n'kulitseka. Anati ndikalipira madola khumi ndizichotsa nyemba imodzi. Tinapemphera, ndipo pemphero lawo linali lalifupi ngati la munthu amene ali ndi zochita mawa.

Lolemba m'mawa, atangoweruka kuntchito yawo ya usiku, anandiperekeza kubanki. Ndinkayembekezera apolisi. Tinapeza bambo wa magalasi amene anati akhala akundifuna chaka chonse kuti tingokambirana. Ndinanena zoona, kuti sindili pa ntchito, ndipo tinagwirizana kuti ndiyambe ndi zochepa ndikangolandira malipiro oyamba. Zonsezo zinatenga mphindi zosakwana makumi atatu, chinthu chimene ndinachithawa chaka chathunthu.

Lachiwiri ndinapita kwa Gideoni kukapepesa. Anandisekako pang'ono, ndipo anali ndi ufulu wotero, koma ananditengera kwa kapitawo wa kafakitale kena kopanga zitsulo za magalimoto kumene ankagwira. Malo analipo amodzi, osesa. Lachitatu ndinavula tayi, ndinavala ovolosi, anandipatsa tsache lalikulu. Pa nthawi yopuma masana Gideoni anatulutsa kamera yake ija yotulutsa chithunzi pompopompo, nandijambula nditagwira tsachelo. Ankangofuna kundiseka, koma mayi Nasibeko ataona chithunzicho anati chimenecho ndicho chipite ku Dedza.

Kalata yopita ndi chithunzicho ndinailemba katatu. Yoyamba inali ya a Pulofesa, yodzaza ndi zifukwa, ndipo mayi Nasibeko anaing'amba. Yachiwiri inali yodzimvera chisoni, anaing'ambanso. Yachitatu inangonena zimene zinalipo: kuti malata aja anali a ngongole, kuti dipuloma sinandipatse ntchito imene ndinkalota, kuti ndinamwa, kuti ndinachotsedwa ntchito, kuti tsopano ndikusesa, kuti tikiti sindingaitumize chaka chino koma ndikupempha chaka chimodzi. Ina ndinalembera a Jekapu, ina Elube, chithunzi ndinaika mwa Elube. Lachinayi ndinaziponya, ndikudziwa kuti kalata imatenga milungu itatu kuti ifike kumudzi, nthawi zina kuposa.

Apa ndiulule tchimo limene sindinaliululepo pagulu. Ndikuganiza kuti ndine munthu yekhayo wochokera ku Dedza amene anagwada n'kupempha Mulungu kuti mvula ichedwe. Anthu akwathu akukonza mizere, akuyang'ana kumwamba, ine ndili ku Oshawa kupemphera motsutsana nawo. Ngati alipo mlimi pano andikhululukire.

Mowa sindinausiye ngati kuvula malaya. Ndinagwa kawiri. Chimene chinandithandiza n'chakuti Lachisanu lililonse Gideoni ankandinyamula pageti pa galimoto yobiriwira ija mpaka kwa mayi Nasibeko, envulopu ya malipiro isanatsegulidwe, ndipo njira yake sinkadutsa kunjanji. Kumeneko tinkagawa: lendi, chakudya, banki, ndi zosungira tikiti. Ndikachotsa nyemba m'botolo, mayi ankaiponya mumphika wa ndiwo za tsikulo, amati ngongole yolipidwa imakoma.

Okutobala anatha, Novembala anatha, kunalibe yankho. Chipale chinagwa. Ndinayambanso kuima pazenera kudikira wa positi, koma tsopano Loweruka lokha, masiku ena ndinali kuntchito. Mlungu wachiwiri wa Disembala gogo uja anandilandira pakhomo atanyamula kalata yabuluu m'mwamba. Sindinaiike m'chikwama. Ndinaitsegulira pomwepo, nsapato zili ndi chipale.

Elube analemba kuti mvula inagwa masiku awiri kalata yanga isanafike. Inagwa ndithu, mpaka madzi anayenda pabwalo. M'mawa mwake a Jekapu anabwera atavala jekete, kudzanena kuti nthawi yakwana, atumize mthenga kwa ankhoswe anga. Iye anawayalira mphasa, anawapatsa madzi, n'kuwauza kuti, "Malume, imeneyi ndi chizimalupsa. Palibe amene wabzala. Mvula yoyamba sinagwe." A Jekapu anayang'ana kumunda, anaona kuti palibedi amene watulutsa mbewu, anang'ung'udza n'kubwerera. Kalata zitafika anawerenga yawo kawiri, nati mkamwini amene wavomera yekha kuti akusesa ndiye kuti wasiya bodza, apatsidwe chaka chimodzi, koma chimodzi chokha.

Kumapeto Elube analemba mawu amene ndimawadziwa pamtima: "APhiri, chithunzi cha mkanjo chija chinandiopsa. Ndinkati munthu ameneyu wapita kutali, sadzandifunanso ine wa Sitandade sikisi. Cha tsachechi chandikhazika mtima pansi. Ameneyu ndikumudziwa, ndi amene ankasesa pakhomo pa amayi." Ndinavina pakhonde la gogo wa ku Poland, ndipo gogoyo, osadziwa n'komwe nkhani yake, anandiombera m'manja.

Chaka chimenecho ndinagwira ntchito ngati bulu, koma mosangalala. Ndipo apa ndinene chilungamo za dipuloma yanga, chifukwa ena mwayamba kale kuganiza zokang'amba mafomu. Kufakitale kunatuluka mwayi wophunzira kuyeza zitsulo zikatuluka m'makina, ndipo panali mayeso a masamu ndi kulemba. Tinalemba anthu angapo, ndinapambana ndine wosesa. Masamu aja ndi Chingerezi chija zinali za kosi ya jenero. Kapitawo ataona kuti ndimalemba lipoti lomveka anayamba kundipatsa onse, ndipo lero ndine woyendera zitsulo, ndimalandira pafupifupi mofanana ndi Gideoni, ngakhale iye amakana. Mtedza uja unapeza msika. Kungoti ndinaupeza mochedwa ndi zaka ziwiri, nditadutsa kubala, pamene ndikanafunsa poyamba ndikanadziwa kuti kosi imeneyi payokha sikutengera pakhomo la ntchito iliyonse. Anzanga amene inawapindulira msanga ndi amene ankadziwa kale kumene akupita nayo, ena kuyunivesite, ena ku ntchito imene anali nayo kale.

Ndiye inu a mafomu, Lolemba lisanafike pezani munthu wamoyo amene anamaliza kosi imene mukufunayo, osati wa m'kabuku, mumufunse zimene amalandira pa Lachisanu. Kwathu kufunsa munthu malipiro ake n'kupanda ulemu, ndikudziwa, koma funsani ndithu, mudzapepesa pambuyo. Mukatero khalani pansi ndi nyemba, kapena chimanga, kapena mabatani, muchotse lendi, muchotse chakudya, muchotse za banki, muone chotsala ngati chingakwanitse zimene munalonjeza kwanu. Ndalama ya loni isagule malata. Ndipo kalata iliyonse muziitsegula tsiku lomwe yafika, ngakhale ikhale yoopsa bwanji. Kuno palibe amene adzakutumizireni kalata yokuuzani kokayamba ntchito, ndinakudikirirani kale ine miyezi itatu.

Tikiti inakwana mu Ogasiti. Amayi a m'tchalitchi muno anandilowetsa m'chipereganyu chawo, ine ndekha mwamuna, n'kundipatsa ulendo woyamba kuti ndalama zikwane msanga. Abwana analemba kalata imene a zolowa m'dziko ankafuna, yotsimikiza kuti ndili pa ntchito. Elube anatera pabwalo la ndege ku Toronto masana ena a Okutobala, chaka chisanathe, mvula ya kwathu isanagwe. Ndinafuna kuvala suti, koma kapitawo anandimasula mochedwa, moti Gideoni anandithamangitsira kumeneko ndili mu ovolosi. Anthu ankatuluka ambirimbiri, ine mtima uli m'mwamba kuti mwina sandizindikira, zaka zisanu si masewera. Anatuluka atavala chitenje ndi juzi yopyapyala, anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kubwera molunjika kwa ine. Tinapatsana moni wa manja awiri ngati tili pakhomo pa apongozi, tonse tikuseka, tonse misozi ikutsika. Tili m'galimoto anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa zithunzi za mkanjo zija, zonse zisanu ndi chimodzi, anachita kuzitolera kwa abale. Anandipatsa nati ndisunge ndekha, iye ali nacho chake.

Ndi awo akhala kumbuyoko ndi mwana pamiyendo, akundiyang'ana kuti ndatalikitsa. Botolo lija analanda tsiku lomwe anafika, ndipo amene amachotsa nyemba tsopano ndi iwo. M'mawa uno tisananyamuke ndinawerenga, zatsala zisanu ndi ziwiri. Akuti yomaliza sidzalowa mumphika, adzaibzala kuseri kwa nyumba. Ndinawauza, monga munthu wophunzira, kuti nyemba imene yakhala m'botolo zaka zisanu singamere.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu munakhala zinayi osamera, aPhiri, koma ndinadikira."

Ambuye amene anandisungira mkazi ameneyu akusungeni nanunso. Abusa, tiimbe.